Tsiku Limene Bishopu Anagwa

Gosport, 9 Malichi 1907

Wokondedwa Winnie,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi Amayi, ndiponso kuti chifuwa chawo chija chinatsika. Ine kuno ndili bwino, kungoti ndikununkha petulo mpaka mayi wochapa zovala wandikana. Akuti malaya anga akununkhitsa a anzanga. Chonde nditumizire juzi ina yochindikala, ngakhale ija ya malemu Bambo ili m'bokosi. M'sitima ya pansi pa madzi mulibe amene amayang'ana ngati mabatani akuwala.

Tsono imva nkhani. Ku Barrow akumanga sitima yatsopano, yaikulu kuposa kachitini kathu aka, ndipo ikafika mu Ogasiti idzafuna kaputeni. Mayina alipo awiri: langa ndi la mnzanga Hugh Lethbridge. Dzulo mkulu wathu anandiimitsa padoko nati, "Trewin, uzisamala thanzi, ndili ndi ntchito yako." Winnie, kaputeni pa msinkhu wanga uno! Anzanga amene tinamaliza nawo sukulu ya asilikali a pamadzi akadali kuwerenga mabulangete pa zisitima zikuluzikulu, kudikira nkhalamba ina ife kuti iwo asunthe.

Zisitima zimenezo nthawi yake yatha, eni ake okha ndiwo sakudziwa. Sabata yatha poyeserera nkhondo tinalowa pansi, n'kukatulukira pamphuno penipeni pa chimodzi mwa izo. Kaputeni wake anafiira ngati nkhanu yophika, akukuwa ali pamwamba: "Kumeneko si kumenya nkhondo, ndi umbava! Bwererani mukasambe!" Hugh anamuvulira chipewa mwaulemu nati, "Tikasamba ndithu, bwana, koma inuyo mwamira kale." Ndinaseka mpaka kutsala pang'ono kugwera m'madzi. Zaka zikubwerazi anthu amenewa adzatipempha kuti tiwaphunzitse, ndipo ine ndikufuna adzandipeze ndili kutsogolo.

Tili ndi antchito atatu amene sadandaula: mbewa zoyera za m'kakhola, pafupi ndi injini. Mpweya wa petulo ukayamba kuipa, izo zimalira n'kugwa ife tisanamve kanthu, ndiye timakwera pamwamba msanga. Yonenepa kwambiri tinaitcha Bishopu, chifukwa imadya bwino ndipo imayang'ana aliyense ngati wochimwa.

Hugh akuti Lamulungu lapitali anasochera n'kupezeka ali kwathu ku Fowey. Munthu amasochera bwanji ulendo wa tsiku lonse pa sitima ya pamtunda? Undiuze zoona.

Mlongo wako,
Denzil

Fowey, 17 Malichi 1907

Denzil wanga,

Kalata yako tailandira. Amayi akupezako bwino, akufika mpaka kutchalitchi. Juzi ndatumiza, koma osati ya Bambo. Nditaitulutsa m'bokosi Amayi anandilanda, nati nyanja inatenga mwini wake, isatengenso juzi.

Hugh sanasochere. Anabwera kudzalankhula ndi Amayi ndi Amalume Septimus, ndipo pamene ndikulemba pano mphete ili pachala. Ukwati tikufuna mu Disembala. Usamuseke kwambiri, thukuta anatuluka lokwanira.

Amalume anamupanikiza ndi mafunso ngati mkaidi. Atafika pa za ntchito yanuyo anagwetsa foloko. "Zaka zonse ndinali kaputeni sindinabisalepo kwa mdani! Lero mwana wa mlongo wanga akukhala m'chitini ngati nsomba, manja ali bii ngati wokonza njinga!" Amayi anati, "Septimus, idya, nyama ikuzizira." Iwo anati, "Ndidya, koma mwana ameneyo ndidzamutulutsamo." Tonse tinaseka, Hugh yemwe.

Ndiye za mbewazo. Ukuti zikagwa mumakwera pamwamba. Nanga zikagwa muli kunsi kwa chisitima china, kapena injini itakana? Mbewa ikagwa, munthu amatsalira nthawi yaitali bwanji? Ndinamufunsa Hugh, anangoyamba kuyamikira keke ya Amayi.

Mlongo wako,
Winnie

Gosport, 21 Epulo 1907

Winnie,

Pepa pochedwa kuyankha. Za mphete ndakondwa. Hugh ndi munthu, ngakhale amaimba moipa. Moni kwa Amayi, koma kalata iyi usawawerengere. Ukamaliza uiponye pamoto.

Unafunsa za mbewa. Lachiwiri tinali pansi, kuseri kwa chilumba cha Wight, paipi ina n'kuyamba kudontha. Bishopu analira, n'kugwa chagada. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndilamule kukwera, koma mawu sanatuluke. Pozindikira ndinali pansi, mutu uli pamwendo pa Hugh, chitseko cha pamwamba chili chotsegula, mphepo ikulowa. Ena onse anangomva mutu kuwawa. Amene tinagwa ndife awiri, ine ndi mbewa.

Hugh anauza anthu kuti ndinaterereka pa mafuta. Wa ku injini wina anati, "Mafuta ake ndi amphamvu, bwana, agwetsa ndi Bishopu yemwe." Hugh anangomuyang'ana, nkhani inathera pomwepo.

Aka n'kachiwiri. Koyamba kunali mu Januwale, tili awiri kumbuyo kwa injini, ndipo amadziwa ndi Hugh yekha, tsopano ndi iwe. Dokotala akangomva, sitima ya ku Barrow ndaiphonya. Si matenda ayi. Ndinali ndisanadye, basi. Sitima yatsopanoyo mapaipi ake ndi abwino, zoterezi sizidzachitika. Ndakuuza chifukwa chiyambire sunandiululepo, ngakhale tsiku lija ndinamiza bwato la abusa iwe n'kunena kuti chingwe chinaduka chokha.

Bishopu sanachire bwino. Anzanga amafuna kumupereka kwa mphaka wa padoko, ine ndakana. Wagwira ntchito ya mfumu, apume ngati Amalume. Hugh abwera naye Loweruka. Amakonda tchizi ndi nyenyeswa za buledi.

Denzil

Fowey, 5 Meyi 1907

Denzil,

Bishopu wafika. Ndamuika pawindo la kukhitchini. Kudya amadya, koma sayenda molunjika. Amangozungulira mbali imodzi, mutu utapendekeka, kenaka n'kugwa, n'kudzukanso, n'kuyambiranso. Dzulo ndinakhala ndikumuyang'ana mpaka tiyi anazizira m'manja.

Ukuti si matenda. Chabwino. Koma pempha tchuthi ubwere, dokotala wathu wa kuno akuone mwakachetechete. Kapena upemphe wekha kuti akupumitse chaka chimodzi. Sitima sizidzatha ku Barrow. Undiyankhe pa zimenezi, usandiyankhe za keke ngati mnzako uja.

Amayi akupereka moni. Sakudziwa kanthu.

Winnie

Gosport, 9 Meyi 1907 (pa positikhadi)

Chaka chathunthu? Ndidzabwere ndipeze ana a dzulo akundilamula? Tchuthi kulibe, ntchito yachuluka. Leka kuyang'ana mbewa, yang'ana nsalu ya ukwati. D.

Gosport, 14 Julayi 1907

Winnie,

Moni wautali ndilibe. Andichotsa.

Lolemba anandiitana kwa dokotala wamkulu. Asanandigwire n'komwe anati, "Lefutenanti Trewin, tiuzeni za mu Epulo. Mukatero mutiuzenso za mu Januwale." Januwale, Winnie! Anandigogoda pachifuwa ngati akugula mgolo, n'kulemba kuti sindiyenera ntchito ya pansi pa madzi. Osati chaka chimodzi. Mpaka kalekale. Ndinapempha kuti andiyese m'sitima momwemo, anditsekere ndi injini aone ngati ndigwe. Anati nkhaniyi yachokera kumwamba, yatha kale. Akunditumiza ku Malta, pa chisitima chachikulu. Sitima ya ku Barrow apatsa Hugh.

Wamva? Apatsa Hugh. Ndipo kuno za Januwale ankadziwa ndi iye yekha.

Madzulo ake m'chipinda chodyera maofesala anabwera atatambasula dzanja, akuti, "Denzil, pepa, sindinafune kuti ndiipeze motere." Ine manja ndinaika kumbuyo. Ndinati, "Waipeza momwe unaifunira. Unandigoneka mutu pamwendo uku mumtima ukuyesa chipewa cha ukaputeni." Iye anati, "Ukudziwa chimene ukunena?" Ndinati, "Ndikunena kuti ndiwe kazitape, ndipo ndikunena pamaso pa anthu, osati kuseri ngati iwe." Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kunena kanthu, kenaka anatenga chipewa n'kutuluka. Munthu wosalakwa akanandimenya.

Mphete yakeyo umubwezere. Wagulitsa mnzake chifukwa cha sitima, iwe adzakusunga chifukwa cha chiyani?

Nanga bwanji wangoti chete chiyambire Meyi?

Denzil

Fowey, 2 Ogasiti 1907

Denzil wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kangapo. Zandiwawa kuti zakupweteka chotere. Sindinkadziwa kuti angachotse munthu mpaka kalekale. Ndinkayesa pa zoterezi amangomupumitsa.

Za Hugh unafulumira. Mawu amene unanena pagulu aja ndi olemera, ndipo ine sindikhulupirira kuti iye angachite zimenezo. Anabwera kuno Lamulungu. Mphete sindinabweze, koma ukwati wa mu Disembala kulibe. Amayi anati, "Mwana wanga, anyamata amakangana, mawa amwera limodzi." Iye anati, "Amayi, sindingaime kutsogolo kwa tchalitchi mlamu wanga akunditcha kazitape. Ndidikira mpaka nkhaniyi iyere." Ananena zimenezi akuyang'ana ine. Keke sanadye.

Amayi atamva za Malta anapita kukathokoza kutchalitchi, ndipo masiku ano akugona tulo. Akuti kumeneko kumatentha, ndiye ndakuikira malaya opepuka ndi botolo la jamu. Ukafika utilembere.

Mlongo wako,
Winnie

Malta, 10 Novembala 1907

Wokondedwa Winnie,

Malaya anafika, zikomo. Jamu anathera m'njira. Amayi ali bwanji? Bishopu akadali moyo?

Ukufuna kudziwa ntchito yanga? Ndimayang'anira utoto. Ine amene ndingamasule injini n'kuimanganso mumdima, m'mawa uliwonse ndimayenda ndi kansalu koyera kufufuza fumbi pa zitsulo zonyezimira. Kaputeni wathu sakonda kuti tiziwombera mizinga poyeserera, akuti utsi umadetsa utoto. Tsiku lina pa chakudya ndinamuuza kuti kasitima kamodzi ka pansi pa madzi kangatimize tonse tisanamalize kadzutsa. Anapukuta ndevu nati, "Trewin, za m'ngalande sitikamba pa tebulo." Anzanga amanditcha Chitini. Ndikalowa amanunkhiza m'mwamba n'kumafunsana kuti wataya palafini ndani.

Ndinalemba masamba angapo a momwe chisitima chotere chingadzitetezere kwa ife, ndikutanthauza kwa iwo, a pansi pa madzi. Ndinapereka kwa wachiwiri kwa kaputeni. Dzulo ndawapeza atapindidwa, akuchirikiza mwendo wa tebulo.

Ndawerenga m'nyuzi kuti sitima ya Hugh yayenda ulendo wautali popanda yoiperekeza, akuluakulu amuyamikira. Njira imeneyo tinaikonza limodzi pa tebulo ku Gosport, supuni ikhale sitima, nyenyeswa za buledi zikhale zilumba. Ndinatuluka kukaima panja kuti anthu asandione nkhope.

Ukuti ndinafulumira. Ndiwe wa mtima wabwino, ndi mmene ulili. Ndikudziwa kuti kuima kwa ukwati kwakupweteka, ndipo ukupirira chifukwa cha ine. Ndikamaganiza anthu amene ndatsala nawo, ndimayambira pa iwe n'kuthera pa iwe.

Mlongo wako,
Denzil

Plymouth, 20 Disembala 1907

Mnyamata iwe,

Miyezi yonseyi ndadikira kalata yothokoza, sinabwere. Ana a masiku ano mumaphunzira za magetsi, ulemu ayi. Ndiye ndalemba ndine, ngakhale chala chikuwawa ndi nyamakazi.

Ndikumva kuti ukudandaula ku Malta. Dandaula, koma udandaule uli pamwamba pa madzi, utavala zoyera, ngati bambo ako ndi agogo ako. Ukuyesa malo amenewo anangogwa ngati mvula? Ndinavala jekete langa la paukwati, ndinakwera sitima mpaka ku London, ndinadya nkhomaliro yoipa ndi munthu amene ndinamuphunzitsa kumanga chingwe iye asanamere ndevu. Wokhala ndi amalume amathandizidwa motero. Ndi mmene zakhalira chiyambire, ndipo sizidzasintha chifukwa cha zitini zanuzo.

Uthokozenso mlongo wako. Mtsikana uja mutu wake umaposa wako. Anabwera kuno mu Meyi, mvula ikugwa, atanyamula kakhola, n'kukaika pa tebulo langa pakati pa mabotolo. Anati, "Amalume, taonani. Iyi inagwa tsiku limodzi ndi Denzil, ndipo iyeyo n'kachiwiri, koyamba kunali mu Januwale." Ndinayang'ana kanyama kaja kakuzungulira ngati kaledzera, ndinati basi, zakwana. Iye anapempha kuti akupumitse chaka chimodzi. Ndinamuuza kuti inde, inde, apite akaume. Chaka n'chiyani? Ukanabwereramo. Ine ndikagwira ntchito ndimamaliza.

Ndamvanso kuti unatukwana mnyamata wa kwa Lethbridge pagulu. Uchitsiru weniweni. Ameneyo ndinamufunsa ndekha za iwe, anandinamiza m'maso muli gwa kuti unaterereka pa mafuta. Wabodza, koma mnzako. Umulembere, ukwati uchitike. Ndikufuna ndimwe vinyo wa mlongo wako ndisanafe.

Khirisimasi yabwino. Uzimeta bwino.

Amalume ako,
Septimus Vosper, Kaputeni wopuma

Malta, 3 Januwale 1908

Achemwali,

Amalume andilembera. Ndikufuna ndimve kwa inu. Munapita ku Plymouth ndi kakhola?

Denzil

Fowey, 15 Januwale 1908

Denzil,

Inde, ndinapita. Ndipo usandilembere ngati ndine mlendo.

Ndinakupempha ubwere, unakana. Ndinakupempha upume, unandiseka pa positikhadi. Ndikanatani? Iwe unali wamng'ono tsiku limene anabwera kudzatiuza za Bambo. Chitseko ndinatsegula ndine. Amayi mpaka lero amaika maluwa m'munsi mwa khoma la tchalitchi chifukwa manda kulibe. Tsiku ndi tsiku ndinkaona mbewa ija ikuzungulira pawindo, ndikuona iwe. Komanso m'sitimamo sumakhala wekha. Kaputeni akagwa mawu asanatuluke, anthu enawo awakweze ndani? Akazi awo tikanakawauza chiyani? Kuti unali usanadye?

Za chaka chimodzi Amalume anandipitirira, ndipo zimenezo zimandidya. Za Hugh ndinayamba kukulembera kangapo, n'kung'amba. Iye anazindikira madzulo omwewo unamutukwana, pakuti wina wodziwa za Januwale ndinali ine. Anandiuza kuti pakamwa pake sipadzatuluka dzina langa, woyenera kukuuza ndine. Ine ndinaopa kuti ukadziwa sudzandilemberanso. Makalata ako a ku Malta anali owawa, koma anali kubwera.

Ukafuna kudana nane, udane nane. Uli moyo. Lero litakhala tsiku lija la mu Meyi, ndingakwerenso sitima ya ku Plymouth.

Mlongo wako, ufune usafune,
Winnie

Malta, 2 Febuluwale 1908

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira. Mupereke moni kwa Amayi. Muwauze kuti ndili bwino, ndikudya, utoto ukuwala.

Hugh ndamulembera. Ndalemberanso wamkulu wa chipinda chodyera ku Gosport kuti awerenge kupepesa kwanga pamaso pa onse amene anandimva. Ndinamunyoza pagulu, ndimupepesa pagulu. Ukwati wanu uchitike, Amalume amwe vinyo wawo. Ine sindidzakhalapo. Mwezi wa mawa sitima yathu ikupita ku Alexandria, ndipo tchuthi sindipempha.

Za anthu a m'sitima mwina mukunena zoona. Ndalimbana nazo masiku onsewa, yankho ndilibe. Koma Gosport si kutali kuposa Plymouth. Mukanabwera ndi kakhola komweko, n'kukaika pa tebulo langa, n'kunena kuti, "Denzil, ukapanda kupita kwa dokotala wekha, ndipita ndine," ndikanakuwa, ndikanaswa kapu, ndipo mwina ndikanapita. Ndikanalowa pakhomo la dokotala ndi miyendo yanga n'kupempha chaka changa chimodzi. Bwenzi pano ndikuyembekeza sitima yotsatira. Inu munasankha Amalume, munthu amene ananeneratu pa tebulo kuti adzanditulutsa, inu muli pomwepo mukuseka. Kenaka munandisiya ndilume mnzanga, n'kumalandira makalata anga okuthokozani. Ija ya mu Novembala munaiwerenga bwanji mpaka kumapeto?

Ndili ndi pempho limodzi. Sitima ya katundu ichoka ku Plymouth mwezi uno kubwera kuno. Ngati Bishopu akadali moyo, mumupereke kwa wophika wa m'sitimayo, ndamulembera kale. Muikemo tchizi wokwanira ulendo.

Ndikumufuna kuno. Iye akaona ngozi ankalira ine ndili pomwepo, ndikumva, osati kuseri.

Denzil Trewin